Za chilonda cha mayi anu: chonde musachitemere mphini

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwati mayi anu ku Santhe ali ndi chilonda pamwendo chomwe chinayamba ngati kachithupsa, mankhwala sichikumva, ndipo adokotala atchula dzina loti pyoderma gangrenosum. Mukufunsa ngati ndi khansa, komanso ngati chikugwirizana ndi nyamakazi yawo.

Chilondacho pachokha si khansa, ndipo sichipatsirana, choncho musawapatulire mbale kapena zofunda. Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi mwawo momwe. Asilikali a m'magazi otchedwa ma neutrophil amaunjikana pakhungu n'kumaliwononga popanda kachilombo kolimbana nako. N'chifukwa chake ma antibiotic okha sachipoletsa. Chimakonda m'miyendo, chimakula msanga, m'mphepete mumada ndi kukumbika kunsi, ndipo chimapweteka koopsa.

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Matendawa amatha kubuka pamene khungu lavulala. Kwathu kuno chilonda chikakana mankhwala, abale amathamangira kotemera mphini, ena amati chipalidwe mpaka chituluke magazi. Kwa mayi anuwo, mphini iliyonse ingathe kusanduka chilonda chatsopano, ndipo kupala kumachikulitsa. Ngakhale madokotala amapewa kuchicheka chikadali chaukali. Aliyense wotsuka chilondacho muzimuuza dzina la matendawa asanagwire lumo kapena sizasi, ndipo lilembedwe bwino m'buku lawo la kuchipatala.

Za nyamakazi, inde zimayenderana. Pafupifupi theka la odwala matendawa amakhala ndi vuto lina mkati: nyamakazi yotupitsa mfundo yotchedwa rheumatoid arthritis, zilonda za m'matumbo monga ulcerative colitis ndi Crohn's, ndipo ena, ochepa, khansa ya m'magazi monga leukaemia. Adokotala akakamba za khansa ndiye kuti akufuna ayeze atsimikize, sikuti aipeza. Pemphani kuyeza magazi kuja amati full blood count, komanso shuga ndi HIV.

Matendawa ndi osowa, amagwira anthu 3 mpaka 10 pa miliyoni iliyonse pachaka, ndipo palibe kuyeza kumodzi kowatsimikizira. Madokotala amayamba achotsa kaye zina zofanana nawo, monga chilonda cha shuga, cha mitsempha ya magazi, TB ya pakhungu ndi khansa ya Kaposi. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha kalata pa chipatala cha boma ku Kasungu yopita kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko angatenge kachidutswa kakang'ono ka khungu kukaunika. Kucheka kumeneko n'kololedwa, chifukwa amachita mosamala akudziwa chomwe akufuna.

Mankhwala ake enieni ndi ofooketsa chitetezo, kawirikawiri prednisolone, nthawi zina cyclosporine. Koma musakagule nokha chifukwa mwawerenga pano. Ngati chilondacho chili cha tizilombo kapena TB, prednisolone amachiipitsiratu, komanso amakweza shuga ndi BP, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Kupola kumatenga miyezi, chipsera chimatsala.

Pokonzekera ulendo, muzijambula chilondacho pa foni sabata iliyonse kuti adokotala akaone mmene chasinthira. Muwafunsenso mayi panokha ngati amatsekula m'mimba mwa magazi, ngati akuonda, kutentha thupi usiku kapena kufooka. Akuluakulu amachita manyazi kunena za kuchimbudzi pamaso pa dokotala, pomwe yankho limenelo ndi lomwe limamuuza koyambira kufufuza.