Yankho la malume pa za kupaka gitala

Moni nonse m'gulu muno. Mphwanga, ndamva funso lako, loti gitala ija yobwera m'bokosi ili zidutswazidutswa kuti umange wekha uipopere penti ya m'chitini kapena uipake vanishi ndi bulashi kuti Loweruka ukhale ukuyimba. Ine ndikuti zonse ziwirizo zisiye. Ipake mafuta ndi dzanja, ndipo za Loweruka uiwaleko.

Usanapake kanthu, imange kaye yonse thabwa lili loyera choncho. Pachithunzi ndaona kuti ndi ya mtundu wa Telecaster, ndiye kuchoka pa nut (podutsa zingwe kumutu kwa khosi) kufika pa bridge (potsamira zingwe pathupi la gitala) pakhale mainchesi 25.5, fret (kachitsulo kopingasa pakhosi) ya nambala 12 ikhale pakati penipeni. Bowo lolakwika limakonzeka bwino panopa. Ukakhutira, masula zonse.

Tsono ntchito yeniyeni ndi sandipepa, wamva? Yamba ndi wokhakhala wa nambala 180, kenako 220, umalize ndi wosalala wa 320, motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Sandipepayo uzimukulunga pa kathabwa, chifukwa zala zokha zimakumba tizigwa tomwe umadzationa mochedwa, mafuta atalowa kale. Ukamaliza 220, pukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Tiubweya ta thabwa timadzuka, likauma ukwechenso. Madziwo akuululiranso pomwe panatsalira guluu wa ku fakitale: pamakhala poyera, sipamwa madzi, ndiye mafutanso sipadzamwa. Pamenepo kwecha mpaka pafanane ndi ponse. Uonenso pabokosi kuti ndi mtengo wanji. Ukakhala ash kapena mahogany, uli ndi timabowo tofunika kutseka ndi phala lotchedwa grain filler. Basswood ndi alder safuna zimenezo.

Mafuta amene ndimawakonda ine ndi Tru-Oil. Anawapangira matabwa a mfuti, koma pa gitala amakhala bwino zedi, makamaka kuseri kwa khosi, dzanja limangoyenda osamata. Akasowa, Danish oil alinso bwino, kungoti sawala kwambiri. Timadontho tochepa pa kansalu ka thonje, upake mopyapyala kwenikweni, upachike, uisiye mpaka mawa. Ukachulutsa amayenderera n'kuuma ndi mizere. Uzibwereza choncho kasanu ndi katatu kapena kakhumi, ukapaka kawiri katatu uzidutsitsa sandipepa wa 600 mopepuka. Ukamaliza ipatse milungu iwiri iume mpaka mkati usanamange masikuluu.

Mata tepi m'bowo lolowa khosi lija, mafuta akaunjikana mmenemo khosi silikhala bwino. Pamwamba pa ma fret, ngati thabwa lake ndi lakuda lija la rosewood, usapakepo. Steel wool asayandikire ma pickup, timakina totola mawu a zingwe, ali ndi maginito, tizitsulo timakakamira.

Penti yopopera ndikuikana chifukwa imafuna malo opanda fumbi, ndipo kukakhala chinyezi ngati nyengo ya mvula ino imachita mbuu. Ya nitrocellulose imatenga pafupifupi mwezi kuti ilimbe, fungo lakenso si labwino m'nyumba muli ana.

Achemwali, apa ndikupempha inuyo mumuyang'anire mwanayu. Nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Aziziyanika panja chimodzichimodzi pa simenti, kapena azizimiza m'chitini cha madzi, asaziponye m'bini ya kukhitchini.

Iwe mphwanga, ukapukuta ndi madzi paja unditumizire chithunzi chapafupi, ndione ngati likufuna filler.