Yankho kwa azakhali pa nkhani ya chitowe ndi mafupa a agogo

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa, ndinali mu minibasi ya ku Limbe, phokoso lake simukanandimva. Ndamvera uthenga wanu uja, mukufunsa ngati n'zoona zimene zikuyenda pa WhatsApp zoti chitowe chimachiritsa matenda ofooketsa mafupa, komanso ngati tisonkhe ndalama tigulire agogo thumba lonse poti dzanja lawo lili m'chikhakha.

Thumba ayi, azakhali, chonde. Koma chitowecho sindikuchinyoza. Kashiamu alimo ndithu, amene uja amamanga mafupa. Supuni yaikulu imodzi ya chitowe chosachotsa khungu imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 88. Ndiye mayi wamkulu ngati agogo amafunika cha m'ma 1,200 patsiku. Tawerengani nokha, ndi masupuni 13 kapena 14 tsiku lililonse. Agogo omwe aja, amene nsima ya mitanda iwiri amati yawachulukira?

Chinanso chimene a mavidiyo aja sanena n'chakuti kashiamu wambiriyo ali kukhungu, ndipo kumeneko ndi womangika ndi zinthu zina zotchedwa oxalate, moti thupi limangotolako pang'ono, wina yense amangodutsa. Mukagula choyera mbee chija cha m'mapaketi, chimene amawaza pa mabanzi, khungu linachoka kale, kashiamu watsala wochepa zedi. Ndiye ngati mukugula, gulani cha kumunda, chochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Muchikazinge pang'ono, musinje, muzitendera nkhwani kapena mpiru ngati mmene timachitira ndi nsinjiro. Osawapatsa chathunthu, ndi mano awo aja chidzangotuluka mmene chalowera.

Ine mukandifunsa, ndalamayo ndi bwino ipite ku usipa ndi matemba. Nsomba zing'onozing'ono timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali mu mingamo. Koma musamadule mitu ngati mmene amachitira ana a masiku ano, aaa, mukutaya zabwino. Ukawavuta kutafuna, sinjani usipawo muthire m'phala kapena m'ndiwo. Mkaka kapena chambiko, kapu imodzi imakhala ndi kashiamu wa mamiligalamu pafupifupi 300. Komanso azikhalako panja, dzuwa ndi limene limathandiza thupi kupanga vitamini D, ndipo popanda ameneyu kashiamu salowa bwino. Chichokereni kumudzi agogo amangobindikira m'nyumba ndi wailesi.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ichi. Agogo sanagwe mumtengo. Angoterereka kubafa, kugwira pansi ndi dzanja, fupa thyoo. Munthu wa mafupa olimba akanangotupa. Matenda amenewa, madokotala amati osteoporosis, amadya fupa chamkati ngati mtengo wofumbwa, kunja kumaoneka bwinobwino. Sapweteka mpaka tsiku lothyoka. Amakonda amayi amene anasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa amakhala atachepa. Ndipo mwaona mmene afupikira, msana wayamba kuwerama? Chitenje chimene ankavala bwinobwino pano chikukhwekhwereka pansi. Kuwawa kwa maondo kuja ndi nkhani ina, kawirikawiri imakhala nyamakazi, tisaphatikize.

Ndiye tsiku lokachotsa chikhakha ku Queens, wopita nawo asangolandira n'kunyamuka. Afunse adokotala kuti, kodi mafupa a mayiwa ali bwanji, kodi sakufunika mankhwala? Alipo mankhwala ake, ena amatchedwa alendronate, amamwa kamodzi pa sabata m'mawa asanadye, ndi madzi ambiri, osagona kwa mphindi 30. Koma amenewo ndi olemberedwa ndi adokotala, tisakagule tokha. Mutengenso mabuku awo onse a kuchipatala, chifukwa mapiritsi ena ngati prednisolone, munthu akamwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa. Ndi fodya wawo wa m'mphuno uja, muwauze adokotala, musabise.

Ndalama yotsala, malume, ngati mukumvera, tikonze kubafa kuja. Ndere zachuluka pansi, pakufunika chogwirira pakhoma, ndi getsi kapena tochi popita kuchimbudzi usiku. Ulendo uno ndi dzanja, likadzakhala fupa la m'chiuno ndiye agona miyezi.

Chitowe ndibweretsa ndekha Loweruka, kilo imodzi yokwana, ndikagula ku msika wa Limbe. Basi ndafika pa siteji, kondakitala akundiyang'ana. Muwapatse moni agogo.