Adokotala, mwezi woyamba muzingoonerera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anachoka kuno atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo pano ndi dokotala ku Scotland. Akubwera kudzathandiza kwa miyezi isanu ndi umodzi pa chipatala china cha mishoni kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Funso lawo linali lakuti: "Chichewa sindinaiwale, nsima ndimadya. Chiliponso choti ndikonzekere?"

Chilipo adokotala. Ine ndakalambira m'mawodi ngati namwino, ndipo alendo onga inu ndalandira ambiri.

Za mapepala ndingodutsapo. Simungagwire wodwala musanalembetse ku Medical Council of Malawi, ofesi yawo ili konkuno ku Lilongwe. Yambani kulemberana nawo musanakwere ndege, chifukwa ophunzirira kunja amayamba akhala kaye milungu ingapo pa chipatala chachikulu ngati Kamuzu Central. Za malungo musadzinamize kuti ndinu mwana wa kuno. Chitetezo chimene thupi lanu linali nacho muli mwana chinatha kalekale. Imwani mankhwala oteteza, gonani mu neti, makamaka ngati mukufika nyengo ya dzinja. Ndipo Fansidar amene munamusiya uja tsopano timapatsa amayi oyembekezera kuti apewe malungo. Kuyambira 2007 wodwala timamupatsa LA, ndipo masiku ano akafooka kwambiri timabaya artesunate.

Koma chachikulu ndi anthu amene mukawapeze. Dziko lino linayamba kuphunzitsa ma clinical officer, azachipatala ogwira ntchito za udokotala koma opanda digiri ya udokotala, mu 1976, pamene College of Medicine, sukulu yophunzitsa madokotala, inatsegulidwa mu 1991. Ndiye kuti zipatala za kumidzi zakhala zili m'manja mwawo kwa zaka zambiri. Bambo amene mukamuone atavala malaya oyera otuwa, wopanda digiri ngati yanu, mwina wachita maopaleshoni a amayi obereka ochuluka kuposa amene inu mudzachite moyo wanu wonse, ena mwa iwo magetsi atazima. Mlendo wina, mnyamata wabwinobwino, anafika kwathu n'kuyamba kukonza aliyense tsiku lachiwiri lomwe. Palibe anamutsutsa. Onse ankangoti "chabwino adokotala", kenako n'kusiya kumuuza zinthu. Anatha milungu itatu akulemba mankhwala amene kufamase kunalibe. Inuyo zikakuvutani kuposa mzungu, chifukwa mzungu akalakwitsa amati sadziwa, koma inu akati mwayamba matama a kunja.

Choncho mwezi woyamba yendani kumbuyo kwa anamwino. Funsani kuti ku labu amayeza chiyani lero, osati chimene chinalembedwa pakhoma. Funsani kuti ambulansi yopita ku Central imanyamuka bwanji, mafuta amalamula ndani, magazi akasowa mumatani. Dziwani mayina a azamba ndi okonza m'wodi. M'mawa perekani moni kwa aliyense musanatsegule faelo. Kukagwa maliro kwa mnzanu wa pantchito, pitani mukakhale pansi ndi amayi anzanu, chitenje chili m'chiuno.

Chichewa chanu cha kunyumba si cha m'wodi. Gogo akati "m'thupi mukuphwanya" kapena "mtima ukuthamanga", musathamangire kumasulira mawuwo monga mwa buku, mufunseni pang'onopang'ono. Mayi sanena za kumwezi pali apongozi ake. Mukaona mphini zatsopano pachifuwa cha mwana, dziwani kuti anayamba kwa asing'anga. Musakalipe. Funsani modekha zimene anamumwetsa ndi tsiku lake, apo ayi akubisirani. Mbiri yonse ya wodwala ili m'kabuku kake ka kuchipatala, kaja kamafika katakulungidwa mu jumbo. Lembanimo zooneka bwino, chifukwa wodzawerenga pambuyo panu akhoza kukhala wa pa health centre yopanda foni. Gadiyani musamuone ngati wodzaza malo. Ndiye amaphika, kusambitsa ndi kuona kuti wodwala wasintha usiku, ndipo kawirikawiri chilolezo cha opaleshoni chimadikira amalume kapena bambo a kunyumba.

Mudzataya odwala amene ku Scotland akanachira, ena chifukwa chofika mochedwa pa njinga kapena pa ngolo. Tsiku loterolo musadzitsekere m'nyumba, khalani ndi anzanu a m'wodi mumwe nawo tiyi.

Mu sutikesi ikanimo tochi yovala pamutu, kachipangizo koyezera mpweya pa chala ndi mabatire ake, pawabanki, ndi nsapato zosaopa matope. Juzi musaisiye poganiza kuti mukubwera kotentha: June ndi July wa ku Lilongwe amalowa m'mafupa, ndipo nyumba za pa mishoni zilibe zotenthetsera.