Oyilo akulowera pati mu injini ya sikuta yanu?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yodandaula za sikuta yake ya injini ya two-stroke, mtundu wa injini imene imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. Akuti ikakhala masiku angapo osayenda imavuta kulira. Ikalira imafuka utsi wambiri, pulagi imada n'kunyowa, ndipo kukamwa kwa ekizozi kumadontha zakuda. Makaniko wamuuza kuti ma seal (timphira totseka kuti oyilo kapena mpweya usadutse) atha, injini iyenera kutsegulidwa. Iye akufunsa kuti: kodi nditsegulitse?

Achimwene, musatsegulitse kaye. Mwina makanikoyo akunena zoona, koma ntchito yake ndi yaikulu, ndipo pali zoti muone nokha musanamasule nati ngakhale imodzi. Chachikulu n'kudziwa oyilo amene akutsika, chifukwa sikuta yotere imakhala ndi oyilo wamitundu iwiri. Wina ndi wa 2T, amene amayenera kupsa limodzi ndi petulo. Wina ndi wa m'magiya, amene sayenera kufika kwa pisitoni ngakhale pang'ono.

Kumbukirani kuti pansi pa pisitoni ya two-stroke sipakhala dziwe la oyilo monga mu injini ya galimoto. Chipinda cha pansi pa pisitonicho, chotchedwa crankcase, chimagwira ntchito ya pampu: pisitoni ikakwera chimakoka mpweya ndi petulo, ikatsika chimakankhira zonsezo kumwamba. N'chifukwa chake chimayenera kutsekeka bwino, ndipo kumbali zonse ziwiri za crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, kuli seal. Paliponse pamene pangatseguke, injini imayamwa chilichonse chili panja pakepo.

Ndiye funso n'lakuti panja pa seal yanuyo pali chiyani. Ngati sikuta yanu ndi yosintha magiya ndi dzanja, monga Vespa PX, kuseri kwa seal ya mbali ya kilachi kuli oyilo wa m'magiya. Seal imeneyi ikatha, injini imamwa oyiloyo. Utsi wake umakhala wokhuthala, fungo lake loipa mosiyana ndi la 2T, ndipo sutha ngakhale muyende mtunda wautali. Kuyeza kwake n'kosavuta. Giyabokosi ya PX imalowa oyilo wokwana 250 ml. Khuthulani yense, thirani watsopano woyeza bwino, yendani masiku angapo, kenako khuthuliraninso m'chikho choyezera. Mukapeza wachepa koma pansi pomwe mumaimika palibe dontho, wapsa mu injini. Mununkhizeninso. Akamanunkha petulo kapena akapyapyala, ndiye kuti njira yatseguka ndithu, chifukwa petulo nayenso amadutsa pomwepo kupita m'magiya.

Koma ngati sikuta yanu ndi ya lamba, yongopotokola n'kumapita, monga Honda Dio kapena Yamaha Jog, nkhani ya makanikoyo ikukayikitsa. M'chipinda cha lamba ndi mouma, ndipo oyilo wa m'magiya amakhala kumbuyo, pafupi ndi gudumu, kutali ndi crankcase. Seal ikatha pa injini zotere imalowetsa mpweya, osati oyilo. Chizindikiro chake n'china: injini imathamanga yokha, imachedwa kutsika mukasiya moto, imatentha kwambiri, ndipo mukanyalanyaza pisitoni imagwira.

Mawu anu akuti vuto limakula sikuta ikakhalitsa ndi amene andikopa kwambiri. Seal imayamwa oyilo makamaka injini ikamalira. Chimene chimadontha usiku wonse injini ili chete nthawi zambiri ndi pampu ya 2T, imene imatumiza oyiloyo mu injini. Thanki ya oyiloyo ili pamwamba, pampu ili pansi, ndipo panjira yopita ku injini pamakhala kavalavu koletsa oyilo kutsika yekha. Kakatopa kapena kakagwira zinyalala, oyilo amatsetsereka pang'onopang'ono n'kudzaza pansi pa crankcase. Lembani chizindikiro pa thanki ya oyilo, siyani sikutayo masiku angapo, muone ngati watsika. Kapena panani paipi ya oyilo ndi kachitsulo kosaboola mukaimika. Ikadzalira bwino popanda utsi wambiri, wolakwa mwamupeza. Chonde, kachitsuloko mukachotse musanalize injini. Kuyenda paipi ili yopanidwa n'kupha injini m'mphindi zochepa.

Onaninso chingwe cha pampuyo ngati ili nacho. Pa pampu pamakhala timizere tiwiri toyenera kukumana, ndipo chingwe chikakokedwa mopitirira, oyilo amachuluka nthawi zonse. Alipo ena amene amathiranso 2T m'thanki ya petulo pampu ikugwira ntchito, poganiza kuti akuteteza injini. Kumeneko n'kupereka oyilo kawiri. Kusakaniza ndi kwa injini zopanda pampu, ndipo zambiri zimafuna 20 ml pa lita imodzi ya petulo.

Si zakuda zonse zimene zili oyilo. Singano ya mu kabureta ikaleka kutseka, petulo amasefukira mu crankcase, amatsuka mwaye, ndipo pulagi imanyowa chimodzimodzi. Inunkhizeni. Ndipo tsiku lina kiki ikadzalimba mwadzidzidzi, musaipondereze. Chotsani pulagi, zimitsani kiyi, phimbani bowolo ndi kansalu, mupalase kiki mpaka zamadzizo zitatha. Zamadzi sizipanikizika ngati mpweya, ndipo zikhoza kupinda conrod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft.

Mukafuna umboni wosatsutsika wa ma seal, pemphani makaniko ayeze ndi mpweya. Amatseka kolowera kwa kabureta ndi kotulukira kwa ekizozi, pisitoni ili pansi, n'kupopa mpweya pafupifupi 6 psi, osapitirira kwambiri kuopa kutulutsa seal yabwinobwino. Geji isatsike kwa mphindi zisanu. Ikatsika, madzi a sopo amaonetsa thovu pamene pakutuluka. Pa Vespa, mpweya ukamatulukira pa kabowo kopumira ka giyabokosi, ndi seal ya ku kilachi kapena gasiketi ya pakati pa injini.

Zikatero, tsegulitsani. Pa injini zambiri zakale seal ya ku kilachi imafikika pokhapokha injini itagawidwa pakati, choncho sinthani zonse ziwiri pamodzi ndi gasiketi. Musanatsegule gwedezani flywheel, gudumu lachitsulo la kumapeto kwa crankshaft, m'mwamba ndi pansi; ikamasewera, ma bearing atha, ndipo seal yatsopano idzadyeka msanga mukawasiya. Pakani oyilo pakamwa pa seal poika, ilowe yowongoka.

Ngati mwakonza pampu, tulutsani mpweya m'mapaipi ake, ndipo paulendo woyamba wokhawo thirani 2T pang'ono m'petulo mpaka mutaona oyilo akufika. Utsi usakudetseni nkhawa tsiku loyamba, chifukwa ekizozi imasunga oyilo wakale ndipo amatha pokhapokha itatentha bwino paulendo wautali. Ikani pulagi yatsopano, ndipo pakatha mlungu muyezenso oyilo yense wamitundu iwiri uja.