Funsani Azakhali: Ndikanene chiyani za bambo amene m'nyumba ankangolowamo kukagona?

Azakhali,

Bambo anga anatisiya chaka chatha. Anali mlimi moyo wawo wonse, ndipo sindikumbuka tsiku limene dzuwa linawapeza ali chigonere. Akaweruka kumunda ankatenga mbedza n'kutsetserekera kumtsinje, apo ayi ankakayendera mitengo imene anabzala m'malire mwa munda. Mvula ikamagwa ankakhala pakhonde n'kumayang'ana mitambo. Abale agwirizana kuti tikumane tiwakumbukire, ndipo asankha ine kuti ndikalankhule. Pepala ndili nalo, koma zimene ndalembapo ndi izi zokha: "Anali munthu wolimbikira ntchito, wokonda banja lake." Mawuwa ndi oona, koma ndawamvapo akunenera anthu ena ambirimbiri. China chikundiwawa n'chakuti mwana wanga wotsiriza anali ndi zaka ziwiri pamene agogo ake ankamwalira. Kodi adzawakumbukira?

Mwana wawo wamkazi

Mwana wanga,

Pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Ndiyamba ndi funso lanu lomalizalo, ndipo sindikunamizani: mwa iye yekha, mwanayo sadzawakumbukira. Akatswiri a maganizo a munthu anapeza kuti anthu ambiri akakula, chinthu chakale kwambiri chimene amachikumbukira chimakhala cha pamene anali ndi zaka 3 kapena 4. Za m'mbuyo mwake zimafufutika, ngakhale mwanayo ankathamangira agogo ake akangomva kutsokomola kwawo panjira. Agogo amene adzakule nawo ndi amene inu mudzamuuze. Tsono mukadzamuuza kuti "agogo ako anali olimbikira ntchito", iye adzaona chiyani m'maso mwake? Palibe.

Pepala lanulo liikeni pambali kaye. Kalata mwandilemberayi yanena kale zambiri kuposa pepalalo. Munthu wokhala pakhonde mvula ili mkati, maso ali kumitambo, ameneyo ndamuona, chonsecho sindinakumanepo naye. Yambirani pamenepo.

Dzifunseni tinthu ting'onoting'ono. Khasu lawo ankalinola ndi chiyani, ndipo ankalola kuti wina aligwire? Nyambo ankakumba pati? Ankadziwa bwanji kuti mvula ili pafupi, mphepo ikachokera mbali iti, mbalame iti ikalira? Mukamapita nawo kumunda ankatsogola ndani? Akapsa mtima ankakalipa, kapena ankangotenga nkhwangwa n'kukawaza nkhuni mpaka mtima utsike? Amuna a mtundu wa bambo anu kawirikawiri sanena kuti "ndimakukonda", ndipo ana awo amakula akuganiza kuti palibe chimene anauzidwa. Koma ngati anakusemeranipo kampini kakafupi koti kakwane m'manja mwanu muli mtsikana, ngati nsomba yaikulu ankaisiyira mdzukulu iwo n'kutenga kamutu, mawuwo ananena. Kanene zimenezo monga zinachitikira, osawonjezera tanthauzo. Omvera adzalimva okha.

Ndipo chonde musawasandutse mngelo. Ine zolankhula zimene zimachotsa munthu zofooka zake zonse zimanditopetsa, chifukwa amene akutamandidwayo palibe amene akum'dziwa. Ngati bambo anali a makani, oti akudwala ankakana kupita kuchipatala mpaka amalize kupalira, nenani. Mudzaona amayi anu, ngati alipo, akuseka misozi ili m'maso, ndipo achimwene anu adzayamba kugwedeza mutu. Kunena chofooka chimodzi mwachikondi sikunyoza malemu. Zimene zinasiya mabala m'banja, zimenezo si za tsikulo.

Musalembe nokha. Pali munthu amene ankaweza nawo, pali mnansi amene munda wake unagundana ndi wawo. Apezeni, koma musawafunse kuti "Bambo anali munthu wotani?" chifukwa adzakubwezerani mawu omwe aja ali papepala lanu. Afunseni za tsiku limodzi: chaka chimene mtsinje unasefukira anatani, nsomba yaikulu imene anagwirapo anaikoka bwanji. Ngati miyendo ikuwalola, pitani nawo kumundako kapena kumtsinjeko mukacheze muli chiyendere. Munthu akaponda pamalo pamene chinthu chinachitikira, akamva fungo la dothi lonyowa, zimene ankayesa kuti anaiwala zimabwera zokha. Apempheni chilolezo muwajambule mawu pafoni. Mukatero, mawuwo musawasunge pa WhatsApp pokha. Foni imatayika, imagwa m'madzi. Atumizeni pa imelo kapena muwaike pakompyuta, abale ena awiri akhalenso nawo. Ngati wina ali ndi mawu a bambo enieniwo, ngakhale akhale akungofunsa ngati mvula yagwa kwanuko, amenewo muyambe kusunga lero.

Patsikulo, nkhani ziwiri zokambidwa bwino n'zokwanira. Ndikanakhala ine ndikanapempha abale kuti mipando ituluke panja, pansi pa mtengo umene iwo anabzala. Munthu amene denga linkamulemera mungamukumbukire bwanji mutatseka zitseko?

Mitengoyo musaiiwale, poti ndi imene ingafike kwa mwana wanu uja ili yamoyo. Ngati pali wa zipatso umene bambo ankaunyadira, monga wa mapeyala, musangotola nthangala n'kubzala. Mtengo wa mapeyala womera kuchokera ku nthangala subereka zipatso zofanana ndendende ndi za mayi wake, ndiponso umachedwa kubereka. Njira yake n'kumezanitsa: kudula kanthambi kathanzi, kokula ngati pensulo, kokhala ndi maso angapo, n'kukalumikiza pa mbande ina imene yagwira kale mizu. Chimene chidzaphuke pamwambapo ndi mtengo womwewo wa bambo, ndipo nthawi zambiri umayamba kubereka patatha zaka 3 kapena 4. Alangizi a zaulimi kapena anthu a kunazale ntchitoyi amaidziwa. Mdzukulu aliyense akhale ndi wake, wamng'onoyo muzipita naye kukathirira. Ukamadzayamba kubereka adzakhala atafika pa msinkhu wosunga zinthu m'mutu.

Azakhali,

Agogo anga aamuna atamwalira, ine anandipatsa nkhwangwa ndi mpeni wawo wa kutchire. Ndinazikulunga m'thumba la pulasitiki n'kuziika pansi pa bedi. Akazi anga akuti mwina ndizigwiritse ntchito kapena ndipatse wina. Ine ndikuopa kuti zitha. Ndani akulondola?

Mdzukulu

Mdzukulu wanga,

Akulondola ndi akazi anu, ndipo mukawauze kuti ndatero. Thumba la pulasitiki limasunga chinyezi, chinyezi n'chimene chimabweretsa dzimbiri, ndiye mmene mukuzisungiramo ndi mmene zikuwonongekera. Zitulutseni. Dzimbiri lichotseni ndi sandipepala kapena bulashi ya waya, mupukute ziume, mupake kamafuta pang'ono pachitsulo ndi pampini pomwe. Muzipachike pamalo ouma, zisagunde pansi pamene chiswe chingazipeze.

Kenako kawazireni nkhuni. Nkhwangwa yonoledwa mosamala imatha zaka zambiri isanaperepeseke, ndipo agogo anuwo ayenera kuti anaisinthapo mpini kangapo osadandaula. Mpini ulipowo ndiwo uli ndi podyeka pamene dzanja lawo linkagwira, choncho ukayamba kung'aluka musadikire kuti uthyoke, pakuti mutu wa nkhwangwa ukafwamphuka umavulaza. Uzuleni muusunge, muikemo watsopano. Mpeniwo uzikhala kutali ndi ana kufikira tsiku limene mudzakhale pansi ndi wamkulu kumuphunzitsa kusongola kamtengo, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lake.