Kodi za inshuwalansi ya sitima zapamadzi n'zophunzira uli pa ntchito ku Blantyre?

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wogwira ntchito ku kampani ina ya inshuwalansi mumzinda wa Blantyre, m'gawo loona zolipira makasitomala katundu wawo akawonongeka, ndipo ndili ndi digiri yoyamba ya zamalonda. Ndaona pa intaneti kuti sukulu zina zaukachenjede zakunja zimaphunzitsa anthu amene ali kale ndi digiri za ngozi zapanyanja ndi inshuwalansi ya sitima, ndipo munthu atha kumaphunzira pang'onopang'ono osasiya ntchito. Mtima wanga uli pomwepo, koma anzanga akuti ndikungofuna kumwaza ndalama poti dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Kodi maphunzirowa angandipindulire, nanga ndiyambire pati? Ndine wowerenga wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, anzanuwo sakunama kuti sitima zikuluzikulu sizikocheza ku Malawi, koma akuiwala kuti feteleza, mafuta, mankhwala am'zipatala ndi magalimoto ogula kunja zimayamba zawoloka nyanja kenako n'kutsitsidwa ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndiponso kuti fodya, tiyi ndi nandolo zathu zimatulukira m'madoko omwewo. Katundu yenseyu amafunika inshuwalansi, ndipo akawonongeka pamafunika munthu wodziwa kumasulira mgwirizano wake. Choncho maphunzirowa ndi aphindu kwa inu, bola mudziwiretu kuti gawo limene mudzadyerepo kuno ndi la katundu wonyamulidwa, osati la sitima zenizenizo.

Taganizani za wamalonda wa ku Limbe amene waitanitsa kontena ya matailosi kuchokera ku China. Sitima yatitimira mumchenga, akatswiri aikoka n'kuyandamanso, ndipo kontena yake yafika padoko ili bwinobwino, chidindo chake chosathyoka. Iye akupita kukaombola katundu, koma akuuzidwa kuti sangamutenge pokhapokha atasayina chikalata chovomera kusonkha nawo ndalama zimene zinapita populumutsa sitimayo. Limeneli ndi lamulo lakale kwambiri la amalinyero lotchedwa general average, limene limati ngati katundu wina watayidwa mwadala, kapena ndalama zapadera zalowa pofuna kupulumutsa ulendo wonse, onse amene chuma chawo chapulumuka asonkherane molingana ndi mtengo wa chumacho. Kawerengedwe kake kamatsata malamulo a York-Antwerp, amene anakonzedwanso mu 2016, ndipo nthawi zambiri kamatenga zaka. Eni sitima ya Ever Given, imene inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu Malichi 2021, anagwiritsa ntchito lamulo lomweli, chimodzimodzinso eni sitima ya Dali imene inagwetsa mlatho ku Baltimore mu Malichi 2024. Wamalonda amene ali ndi inshuwalansi, kampani yake imalemba chitsimikizo katundu n'kutulutsidwa, pamene wopanda inshuwalansi amayenera kupereka ndalama yachikole kuchokera m'thumba mwake. Munthu wotha kumulongosolera wamalondayu zimenezi modekha, mapepala ali patebulo, ndi amene makampani athu akumufuna.

Palinso msampha wina umene mwina mwakumana nawo kale pa desiki yanu. Ambiri akaona pa invoisi zilembo za CIF Beira, zotanthauza kuti mtengowo waphatikiza katundu, inshuwalansi ndi ndalama yomunyamulira mpaka padoko la Beira, amagona tulo poganiza kuti katundu wawo ndi wotetezedwa ku chilichonse mpaka kukafika kunyumba yosungiramo katundu. Koma malinga ndi Incoterms 2020, malamulo ofotokoza udindo wa wogula ndi wogulitsa pa malonda a pakati pa mayiko, wogulitsa pa CIF amangokakamizidwa kugula inshuwalansi yotsikitsitsa ya Institute Cargo Clauses C, imene imalipira zinthu monga moto, kugundana kwa sitima ndi kugubuduka kwa galimoto, koma siilipira kuba kapena kulowa kwa madzi m'kontena. Ndi pa mgwirizano wina wotchedwa CIP pamene wogulitsa amayenera kugula ya gulu A, yoteteza ku ngozi pafupifupi zonse kupatula zimene zatchulidwa. Komanso inshuwalansi imene wogulitsa amagula pa CIF imangoyenera kufika padoko limene latchulidwa, kotero kuti ulendo wa pamsewu wodutsa ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza utha kukhala wopanda chitetezo chilichonse ngati wogula sanaganizireko. Aliyense amene akukumbukira mmene namondwe wa Idai anasakazira mzinda wa Beira mu Malichi 2019 aona kuti kusiyana kwa zilembo zimenezi si nkhani ya m'buku chabe. Onjezanipo mfundo yakuti pansi pa malamulo a Hague-Visby, okhudza kunyamula katundu panyanja, wofuna kusumira kampani yonyamula katundu ali ndi chaka chimodzi chokha, ndipo kampani ya inshuwalansi ikazengereza imataya mwayi wobwezeretsa ndalama imene yalipira.

Maphunziro ambiri oterewa amazikika pa malamulo a ku England, makamaka Marine Insurance Act ya 1906 ndi Insurance Act ya 2015, chifukwa msika wa ku London, kumene kuli Lloyd's, malo otchuka ogulitsirapo inshuwalansi, ndiwo unaumba mawu ambiri a m'migwirizano imeneyi. Mudzaphunziranso za inshuwalansi ya thupi la sitima ndi makina ake, za mabungwe a P&I amene eni sitima amasonkherana kuti azilipira akawononga za ena, komanso za ngozi za nkhondo, monga zimene zinayamba kuchitika pa Red Sea kumapeto kwa 2023, zomwe zinachititsa sitima zambiri kuzungulira kumwera kwa Africa. Mabungwe 12 a mu International Group of P&I Clubs amateteza pafupifupi 90 pa 100 iliyonse ya sitima zoyenda panyanja zikuluzikulu potengera kukula kwake, koma ntchito zake zimapezeka kumadera monga London, Oslo ndi Singapore. Ndisakunamizeni kuti digiri yokha idzakutsegulirani zitseko zimenezo muli ku Blantyre.

Za kumene mungaphunzire, World Maritime University ya ku Malmö m'dziko la Sweden, imene inakhazikitsidwa ndi bungwe la International Maritime Organization mu 1983, ili ndi dipuloma ya anthu a digiri pa malamulo ndi kayendetsedwe ka inshuwalansi yapanyanja, yophunzirira kutali. Ku London kuli Bayes Business School, yomwe kale inkatchedwa Cass, yodziwika pa maphunziro a zasitima ndi a inshuwalansi. Koma musanakopeke ndi dzina lililonse, lemberani sukuluyo mufunse ngati kuphunzira pang'onopang'onoko kukutanthauza kuphunzirira kwanu pa intaneti, chifukwa sukulu zina zimafunabe kuti wophunzira azifika m'kalasi masiku ena, ndipo zikatero pamabwera za ndege, viza ndi malo ogona. Funsaninso ku National Council for Higher Education ngati pepalalo lidzazindikiridwe kuno, musanalipire ndi tambala yomwe.

Nthawi muiwerengeretu mosadzinyenga. Digiri ya Masters ya ku Britain imakhala ndi ma credit 180, ndipo credit iliyonse amaiwerengera maola 10 a kuphunzira, kutanthauza maola 1,800. Mukawagawa pa zaka ziwiri akukwana pafupifupi maola 17 pa sabata, pamwamba pa ntchito, banja, maliro ndi kuthimathima kwa magetsi. Ndalama nayo ndi nkhani yaikulu, poti fizi imalipidwa m'mapaundi, mayuro kapena madola, ndipo pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, amene ankalipira sukulu zakunja ndi malipiro a m'kwacha anaona ngongole yawo ikukwera usiku umodzi. Sankhani sukulu yolola kulipira phunziro limodzilimodzi, imenenso imapereka satifiketi pa ma credit 60 kapena dipuloma pa ma credit 120 kwa amene walekezera panjira. Musadalire thandizo la maphunziro la boma la Britain lotchedwa Chevening, chifukwa limalipirira okhawo amene apita kukakhala ku Britain chaka chonse.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi mayeso a Chartered Insurance Institute, makamaka phunziro la inshuwalansi ya katundu wapaulendo lotchedwa M90. Ndi lotsikirapo mtengo kuposa digiri, mabwana a inshuwalansi amalidziwa, ndipo m'miyezi yowerengeka mudzakhala mutadziwa ngati nkhanizi zikukukomeranidi. Mukalikhoza, pitani kwa abwana anu ndi mafayilo enieni a katundu wa ku Beira ndi Nacala amene anavuta kutseka, muwasonyeze pamene kampani inataya ndalama, kenako mupemphe kuti akulipirireni gawo la fizi ya dipuloma.

FUNSO: Alangizi, ine ndinaphunzira ku Marine Training College ku Monkey Bay ndipo ndagwira ntchito m'sitima zapanyanja ya Malawi kwa zaka zambiri, koma digiri ndilibe. Kodi njira ya inshuwalansi yapanyanja ndi yotseka kwa ine? Ndine wowerenga wa ku Nkhata Bay.

YANKHO: Bambo, siyotseka. Mayeso a Institute of Chartered Shipbrokers, bungwe la ku London lomwe linayamba mu 1911, safuna digiri, ndipo lina mwa maphunziro ake ndi la inshuwalansi yapanyanja. Sukulu zina zaukachenjede zimalandiranso anthu poona ziphaso zawo zauyendetsi sitima ndi zaka zimene agwira ntchito, choncho atumizireni makope a ziphaso zanu pamodzi ndi kalata ya abwana, iwo aweruze okha. Ntchito imene ingakuyenereni msanga ndi ya surveyor, woyendera katundu kapena boti lowonongeka n'kulemba lipoti limene kampani ya inshuwalansi imadalira posankha kulipira kapena kukana, chifukwa munthu amene anapakirapo matumba m'chipinda cha pansi pa sitima amatha kusiyanitsa chimanga chonyowa ndi mafunde ndi chimanga chimene anachipakira chisanaume.