Valavu ya RV12P2000 imalowa chozondoka

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake valavu yanu, kachubu kagalasi ka m'mawailesi akale, ikukana kulowa mu soketi. Valavu yanuyo si yopunduka ayi, ndipo musaikakamize mu soketi wamba. RV12P2000 imalowa chozondoka: galasi limatsogola, lonse n'kubisika m'soketi yakeyake, ndipo timapini 6 tili m'mbali mwa tsinde, osati pansi. Kabowo kamazinga komwe mwaona patsindepo n'kopotokolerapo kachitsulo kokokera potulutsa.

A Telefunken, kampani ya ku Germany, anaipanga choncho m'ma 1930 poganizira wailesi za asilikali a Germany, monga FuG 10 ya m'ndege. Ndege ikamanjenjemera valavu isasuntheko, komanso msilikali aisinthe mwachangu osatsegula wailesi yonse. Dzinalo likunena zambiri: 12 ndi mavolti a kawaya kotenthetsa, makamaka 12.6, P ndi pentode, kutanthauza valavu yokhala ndi tizitsulo tisanu todutsa magetsi mkati mwake, ndipo 2000 ndi mphamvu yake yokuza siginolo.

Ine zomwe ndagwirapo, ndimayamba kuyeza kawayako ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ngati sikanaduke, pamakhala chiyembekezo. Yang'ananinso kadontho kowala ngati kalirole m'galasimo. Kakayera ngati ufa, mpweya unalowa, yatha basi.

Koma zoyatsa wailesi yonse, chonde pitani kwa katswiri wa zamagetsi. Mkatimo mumayenda mavolti oposa 200, ndipo ma capacitor akalewo, tizipangizo tosungira magetsi, amasunga moto ngakhale mutazimitsa.